Za Liu Losamveka Loyendetsa Zamoyo

Ife aphunzitsi tidziwa mphamvu ya liu. Belu likalira mamawa, ana a ku Kaliyeka asiya masewera nathamangira ku sukulu, osagwidwa dzanja ndi munthu. Koma mwana akhoza kukana, ndipo ena akanadi. Tsono kwabuka nzeru yoyendetsa zamoyo ndi liu limene sizingathe kulikana, ndipo kutiyenera kufunsana ngati nkwabwino.

Ciyambi cace ncakale. M'caka ca 1787 Mjeremani Ernst Chladni anaonetsa kuti mcenga wowazidwa pa citsulo conjenjemera uthawa pogwedezeka, nuunjikana pamene pali bata. Thupi lathu lamangidwa ndi tizigawo tamoyo, maselo, tocepa koposa mcenga, ndipo liu liwakankha momwemo. Liu lonjenjemera koposa ka 20,000 pa sekondi khutu sililimva. Ndilo limene aunikira nalo amai apakati ku Bwaila. Mu 2015 a Tony Jun Huang ndi anzao ku Penn State, ku Amereka, anapatula nalo maselo a khansa m'mwazi, monga mai apeta gaga ndi licero. Mu 2023 a Mikhail Shapiro ndi anzao ku Caltech anacititsa maselo kumera timatumba ta mpweya tocepetsetsa m'kati mwace, kuti liu lisankhe amenewo ndi kuwasonkhanitsa, ena onse osasuntha. Cotidetsa nkhawa ndi ici: mu 2015 momwemo, ku Salk Institute, a Sreekanth Chalasani analiza liu lotere, ndipo kanyongolotsi kamoyo kanabwerera m'mbuyo paulendo wace.

Kodi tinene kuti alakwira maselo? Iai. Selo liribe cifuniro, ndipo sing'anga wocotsa nthenda wopanda mpeni tiyenera kumthokoza. Kapena ndi ufiti? Iai ndithu, pakuti yense waphunzira akhoza kubwereza nchitoyo masana, anthu alikuona.

Koma selo liri ndi mwini wace. Mpeni wodwala auona, jekeseni aimva. Liu ili lilowa m'thupi osagogoda. Cifukwa cace mangawa a sing'anga akula, a kufotokoza m'cinenero ca wodwalayo cimene adzacita, ndi kulindira kufikira wabvomera. Tisaiwale 2017, pamene mbiri ya anamapopa inafala ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo anthu anaphedwa cifukwa ca mantha a cinthu cosaoneka. Anzeru ena amaseka anthu aja. Ife sitiseka, pakuti mantha amera msanga pamene wodziwa aumira mau.

Nzeru imeneyi ikali m'nyumba zoyesera, sinafike m'zipatala zathu. Mwina mwana amene tamphunzitsa kuwerenga lero ndiye adzagwira cipangizoco, ndipo gogo wace wa ku Kaliyeka adzamfunsa, “Mwanawe, ulikundicita ciani?”