Limba Likasiya Kulira Satayira Kudzala

Werengani: Agalatiya 6:1-2



M'zaka zimene amishoni a Dutch Reformed anali kutsegula Magwero mu 1899 ndi Madzimoyo mu 1903, ku America kunali kutchuka makina oimbitsa piyano popanda munthu kuigunda ndi zala. Anawapanga ndi Edwin Votey, ndipo kampani ya Aeolian inawagulitsa ndi dzina loti Pianola. Poyamba ankawaika kutsogolo kwa piyano, pambuyo pake anawalowetsa m'kati mwake.

Nyimbo ya limba limeneli imalembedwa ndi timabowo pa pepala lalitali lokulunga. Munthu amangopopa ndi mapazi, ngati limba la mpweya la m'matchalitchi akale lija achikulire athu amalikumbukira. Kupopako kumakoka mpweya wa m'kati, ndipo bowo la pa pepala likafika, kamvukuto kamodzi kamatsekeka, kanyundo n'kumenya waya. Liwu lililonse lili ndi kamvukuto kake. Kuyambira mu 1908 opanga anagwirizana kuti pepala lizinyamula mawu 88. Wailesi itafala, ndiponso chuma chitagwa mu 1929, malimbawa anasiyidwa m'zipinda zosungiramo katundu.

Limba likakhala zaka zambiri, nsalu yamphira ya timivukuto imauma n'kung'ambika, timapaipi timasweka, mbewa ndi njenjete zimadya zofewa za m'kati. Mpweya umathawa. Mungapope mpaka thukuta kamukamu, koma silingalire. Nyimbo ikadalipo pa pepala, waya akadalipo, chasowa ndi mpweya basi.

Amayi, m'mipingo mwathu muli malimba otere. Pali mayi amene anali woyambitsa nyimbo m'Chigwirizano, lero yunifolomu yake ili pansi pa sutukesi. Wina anaikidwa pa chilango, manyazi akumukaniza kubwerera. Wina anaferedwa mwamuna, achibale n'kumulanda katundu, ndipo ife tinamuyendera sabata ya maliro yokha. Wina ndi mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha pathupi. Ife aphunzitsi timaona desiki lake lopanda munthu, nanga mpando wake wa m'tchalitchi amauona ndani?

Paulo akulamula Agalatiya kuti wogwa m'cholakwa abwezedwe mofatsa ndi anzake auzimu. Liwu la Chigriki limene anagwiritsa ntchito pa kubwezako ndi lomwe lili pa Marko 1:19, pamene Yakobo ndi Yohane anali kusoka makoka awo. Ndi liwu la amisiri. Tsono tiyeni tiphunzire kwa mmisiri wokonza limba.

Choyamba, sayambira kunja. Kupaka vanishi n'kosavuta, koma limba lonyezimira lothawa mpweya likhalabe duu. Mmisiri amatsegula n'kufufuza pamene pakudontha. Ifenso tisathamangire kufunsa kuti, "Bwanji simubwera kutchalitchi?" Tikhale pansi pa mphasa, timve chimene chinang'ambika. Mwina ndi njala, mwina ndi nkhanza za m'banja, mwinanso ndi mawu amene anatuluka pakamwa pa ife eni.

Chachiwiri, amakonza kamodzikamodzi. Amachotsa timivukuto tonse, kulemba nambala pa kalikonse kuti kabwerere pamalo pake, kupala nsalu yakale, kumata yatsopano, n'kuyesa ngati mpweya ukuthawabe. Ntchitoyi imatha miyezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mlongo wanu sadzabwera chifukwa cha ulendo umodzi wa komiti. Mupiteko lero, mupitenso mwezi wamawa, mukathandize kupalira, mumuperekeze kwa abusa ndi akulu a mpingo tsiku lokabwezedwa.

Chachitatu, amisiri odziwa amamata ndi guluu wophika kuchokera ku zikopa, chifukwa amamatuka ndi kutentha ndi chinyezi popanda kuwononga thabwa. Amadziwa kuti nsalu yatsopanoyo idzakalambanso, ndipo mmisiri wina adzafunika kutsegula. Palibe limba lokonzedwa kamodzi kwa muyaya. N'chifukwa chake Paulo akuchenjeza wobweza mnzakeyo kuti adziyang'anire yekha, angayesedwe nayenso. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Tisamate mnzathu dzina la tchimo lake mpaka kumanda. Wabwezedwa, wabwezedwa, apatsidwenso nyimbo ayambitse.

Koma tikumbukire malire a ntchito yathu. Mmisiri amatseka modontha, mpweya sapanga. Amene amatsitsimutsa mtima ndi Mzimu Woyera yekha, monga anaonetsera Ezekieli m'chigwa cha mafupa ouma. Udindo wathu ndi kusoka, kupemphera ndi kusatopa.

Ndikupempheni chinthu chimodzi. Msonkhano wa Chigwirizano ukubwerawu, mlembi atsegule kaundula, muwerenge maina a amayi amene sanaoneke chaka chino. Dzina lililonse litengedwe ndi amayi awiri, asalisiye kufikira mwini wake ataimanso pakati pathu. Mupite opanda miseche, ndipo zimene mukamve kumeneko zikatsale kumeneko.

Tipemphere: Atate wachifundo, Inu simunatitaye pamene tinali osweka. Tipatseni manja ofatsa ndi mtima wodekha, kuti alongo athu amene anakhala chete akuimbireninso pamodzi nafe. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.