NGONGOLE ZIWIRI ZA MUNTHU WOPHUNZIRA

Mnyamata kapena mtsikana akatsiriza sukulu nalowa nchito, amalowa ali ndi ngongole kale, ngakhale sanasaine pepala la munthu aliyense. Amai ace anagulitsa nshawa kuti apeze fizi, malume anapereka mbuzi, ndipo kapena mlongo wace anasiya sukulu kuti iye apitirire. Ngongole imeneyi palibe anailemba m'buku, palibenso angachule ciwerengero cace. Koma caka cisanathe, ambiri a ife ogwira nchito za m'maofesi timapezeka titasenza ngongole yaciwiri, yolembedwa bwino lomwe, yokhala ndi tsiku lace ndi ciwongola-dzanja cace. Funso limene ndifuna kuti tilisinkhesinkhe ndi ili: ngongole ziwirizi zikaitana tsiku limodzi, ndipo m'thumba muli ndalama zokwanira imodzi yokha, munthu wolungama ayankhe iti?

Anthu amafulumira kunena kuti kalaliki amalowa m'ngongole cifukwa ca mowa ndi zobvala. Alipo otero, ndipo Cinyanja cathu cinawaseka kale, pakuti liu lakuti kukongola lili ndi matanthauzo awiri. Mnyamata wobvala suti yosalipira wakongola kawiri. Koma ambiri amene ndawaona akumira analowa m'madzi cifukwa ca cifundo ndi manyazi. Foni yalira kucokera kumudzi: mvula yayandikira ndipo feteleza palibe, mphwanu amubweza kusukulu, denga la agogo likudontha. Kumudzi adziwa kuti mwana wao ali pa nchito ya Boma. Sadziwa kuti lendi ya nyumba ku Chilenje kapena ku Matero imadya gawo lotani la malipiro. Iye naye acita manyazi kunena kuti ndilibe, cifukwa munthu amene anamgulitsira mbuzi sayenera kumva mau otere. Tsono amapita kukabwereka.

Tiyeni tione kumene manyazi amenewa amamfikitsa. Pali ngongole za ku banki ndi za makampani okongoza, zimene amadula pa malipiro mwini asanawakhudze ndi dzanja; izi zimapweteka, komabe zili ndi tsiku lotha. Zotsala zikamcepera, amapita kwa wakaloba, amene anzathu a ku Malawi amati wakatapila. Mwambo wodziwika wa kaloba ngwakuti pa K100 iliyonse ubweze K150 pakutha pa mwezi. Tiyerekeze kuti kalaliki wina watenga K2,000. Mwezi ukatha afunika kubweza K3,000. Alibe zonsezo, cotero apereka K1,000 ya ciwongola-dzanja, napempha kuti mutu wa ngongole udikire. Akacita motero miyezi 6, wapereka K6,000, ndiko kuti katatu ndalama zimene anatenga, koma K2,000 ija ikali ciimire, yosacepa ndi ngwee imodzi yomwe. Akalephera ngakhale ciwongola-dzanjaco, mwini ndalama naciphatikiza pamutu, K2,000 isanduka K3,000, kenaka K4,500, ndipo mwezi wacitatu K6,750. Lamulo la dziko lino lochedwa Money-lenders Act limati ciwongola-dzanja copitirira 48 pa 100 pa caka khoti liciyese copambanitsa, pokhapokha wokongozayo atasonyeza kuti sicotero. Wakaloba atenga 50 pa mwezi umodzi wokha. Koma ndani amakasumira munthu amene adzamfunanso mwezi wamawa?

Akuluakulu amasimba kuti kale, banja likagwa m'mlandu waukulu ndipo palibe mbuzi kapena makasu olipira, mwini mbumba ankatha kupereka mwana wa mlongo wace kuti akakhale cikole kwa eni mlandu kufikira atamuombola. Ena sanaomboledwe konse, nakalamba ali akapolo. Ife timamva nkhani imeneyi ndi kunyansidwa, ndipo tiyenera kutero. Komatu wakaloba naye amafuna cikole. Ena amasunga khadi la ku banki pamodzi ndi nambala yace yacinsinsi, kotero kuti tsiku la malipiro iwo ndiwo ayamba kufika, ndipo mwini thukuta alandira zotsala monga mwana alandira mkute. Munthu wotere amadzuka m'mamawa, nasita malaya, nalemba makalata a Boma mwezi wonse, koma masiku ena a mweziwo agwirira munthu wina. Iye wapereka cikole miyezi imene siinabwere.

Cifukwa cace ine ndiyankha kuti ngongole yowerengeka iyambe kulipidwa, ngakhale kumudzi angadandaule. Ndidziwa kuti mau awa ngowawa. Wina adzati, "Kodi mai amene anakubala adikire kuti mlendo wa pamsika akhute? Si ndiko kudzikonda kumene makolo amadzudzula nako ophunzira?" Funsoli nloyenera, ndipo sitiyenera kulithawa. Koma tawerengani. Amene atumiza kumudzi K2,000 ya kaloba, nalipira K6,000 ya ciwongola-dzanja pambuyo pace, wapatsa amace gawo limodzi, nampatsa mlendo uja magawo atatu. Ndalama zimene zikadathandiza pamudzi katatu zathandiza kamodzi. Ndiponso wanama, ngakhale sanatsegule pakamwa: abale ace akhulupirira kuti citsime ncakuya, ndipo adzabweranso ndi mtsuko wokulirapo, osadziwa kuti madzi aja anali opempha. Makolo anati kupatsa n'kuika, koma munthu saika cinthu ca mwini.

Ngongole ya kwa makolo ilibe tsiku lotha. Tidzaisenza kufikira tidzawaike m'manda, ndipo pambuyo pace idzapitirira pa ana a alongo athu. Inayo ingathe kutha m'miyezi 8 kapena 10 ngati munthu alimbika. Cotero copempha kwa abale ncaching'ono, kuti adikire nyengo yodziwika, ndipo ambiri a iwo angabvomere atauzidwa zoona. Apa ndipo pagona nkhani. Kungoleka kuyankha foni ndi mwano. Coyenera ndi kukwera basi, kukakhala pansi ndi malume ndi amai, kuwaonetsa pepala la malipiro ndi zodulidwa zace zonse, ndi kunena poyera kuti, "Malume, mwana wanu ndili m'dzenje lakuti, mundipatse miyezi yakuti ndituluke, pamenepo ndidzabwerera pa udindo wanga." Anthu a kumudzi adziwa kudikira, pakuti amabzala mu December nakolola mu May. Cimene sakhululukira msanga ndi kubisidwa.

Sindikunena za matenda kapena maliro. Mwana akadwala usiku ndipo pafunika galimoto yopita naye kucipatala, bwerekani kumene mungapeze, masamu mudzaone kutaca. Koma zotere nzowerengeka kusiyana ndi momwe timadzinamizira. Cinkhoswe, phwando la ukwati ndi nsapato za Khirisimasi sizili m'gulu limenelo.

Pali cinthu cina cimene cimandibvuta koposa, ndipo ciri pakati pa ngongole zowerengeka zokhazokha. Tinene kuti kalaliki wathu uja, pamwamba pa K2,000 ya kaloba, ali ndi K800 ya mnzace wa muofesi amene anambwereka popanda ciwongola-dzanja, ndi K300 ya mai wa pakantemba amene amamlembera buledi, shuga ndi makala m'kabuku. Masamu amati ayambe kutseka kaloba, pakuti ndiyo yokha imene ikukula. Masamuwo ngoona. Koma taonani cimene cicitika: wankhanza alipidwa msanga cifukwa ca nkhanza zace, ndipo wacifundo adikira cifukwa ca cifundo cace. Ubwino wa munthu wasanduka cilango cace. Kodi ndi cilungamo cimeneco?

Ine ndiganiza kuti mai wa pakantemba ayenera kukhala woyamba. K300 kwa kalaliki ndi kangongole, koma kwa maiyo ndi mpamba; popanda iyo sangapite kukagula katundu ku Soweto Market, ndipo ana ace agona ndi njala cifukwa ca shuga amene anamwedwa m'nyumba ya munthu wa tayi. Mnzace wa muofesi angadikire, koma amdikiritse mwaulemu. Kucedwa kubweza kumapiririka. Cimene cimapha cibwenzi ndi kuzemba, kusintha njira yopita kunchito, kuyang'ana pansi mnzako akalowa. Apite kwa iye asanafunsidwe, namuuze kuti adzapereka K100 mwezi ndi mwezi, ndipo tsikulo likafika apereke ndithu, ngakhale atadya ndiwo zamasamba sabata yonse. Zotsala zonse zipite kwa wakaloba, kudula mutu weniweni wa ngongole. Nkwabwinonso kukakambirana naye maso ndi maso kuti aimitse ciwongola-dzanja. Alipo amene amabvomera, poona kuti alandira kale zoposa zimene anapereka. Cimene munthu asacite konse ndi kutenga kaloba kwa uyu kuti alipire uyo, pakuti kumeneko n'kukumba dzenje kuti ufotsere linzace.

Kutuluka m'ngongole sikutanthauza kuti munthu waphunzira. Dziko lathu lomwe licitira umboni. Mu 2005 Zambia anakhululukidwa gawo lalikulu la ngongole zace zakunja, ndipo mu November 2020 analepheranso kulipira eni ngongole zatsopano. Zaka 15 zokha zinakwanira. Dziko likalephera, maiko amaitana misonkhano. Kalaliki akalephera, amangomnyamulira firiji ndi mipando ana akuona.

Sindifuna kuti wina amve ngati ndikuti munthu womasuka ndiye amene sabwereka kanthu kwa munthu, ndipo sabwereketsa. Mcere wopempha kwa aneba, khasu lobwereka, ufa wa m'mbale wobweza mawa, izi ndizo zimamanga mudzi, ndipo amene azikana adzalima manda a mwana wace yekha. Cilimba naconso ndi ngongole, pakuti woyamba kulandira wabwereka kwa anzace onse. Koma anthu 6 akamaponya K500 aliyense, munthu alandira K3,000 nabweza K3,000 yomweyo, ndipo palibe amene asunga khadi la mnzace.

Mwezi umene khadi libwerera m'thumba la mwini wace, pamakhala K1,000 imene inazolowera kupita kwa wakaloba, ndipo tsopano ilibe kopita. Mtima udzanena za suti. Ine ndikadakhala iye, ndikadaiponya m'cilimba miyezi ingapo, ndi kusankha kulandira mu September, kuti feteleza wa amai afike pamudzi mvula isanagwe ndiponso foni isanalire.