PHUNZIRO 23: WOGULITSA NDALAMA ZAKALE

Werengani Miyambo 11:1 ndi 20:14.

Aphunzitsi, funani khobidi loboola pakati la masiku a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kapena sheleni ya 1964 yokhala ndi chimanga, imene inkayenda kwacha isanabwere mu 1971. Ana aigwire. Auzeni kuti alipo anthu amene amasonkhanitsa ndalama zoterezi, nazigula pa mtengo woposa umene unalembedwapo.

Wogula wotere safulumira. Amayang'ana chaka, amaitembenuza, amafunsa ngati inakwechedwa. Pakuti ndalama yakale ikatsukidwa ndi mchenga kapena phulusa imawala ndithu, koma mtengo wake umagwa, popeza zokalika sizichokanso. Tsono apa ndi pamene mtima wa wogulitsa umaonekera. Wina amapsa mtima ndi mafunso, nalanda ndalamayo m'manja mwa mlendo, nati, "Ngati simugula, chokani." Ngakhale ikhale yeniyeni, wogula amayamba kuikayika, ndipo kawirikawiri amangochoka. Wina amaloza yekha pamene pali chilema, natsitsa mtengo. Ameneyu wataya pang'ono lero, koma wogula uja akadzafuna tiki adzafika kwa iye.

Komabe musaphunzitse ana kuti chilungamo ndi njira yopezera phindu. Imeneyo ndi nzeru ya pamsika chabe. Miyambo inena za Mulungu amene aona muyeso ngakhale wogula asauone, ndipo iululanso wogula wonyoza katundu dala kuti mtengo utsike.

Funsani ana: amai akakutumani kukagulitsa mazira, limodzi lili long'aluka, muliika pamwamba kapena pansi? Musawayankhire ai.