Kodi Munthu Amakhalamo m'Chithunzi Chake?

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, akatswiri ambiri a mafilimu ku France ankanyoza filimu yochokera ku sewero la pa nsanja, ponena kuti kamera ikangojambula zisudzo imasanduka kapolo wa mawu. Mkangano umenewu unali ndi funso lakale la afilosofi, lakuti kodi kupezeka kwa munthu n'chiyani, ndipo kodi chithunzi chingamusunge munthuyo kapena chimangosunga mthunzi wake.

André Bazin, Mkatolika amene anathandiza kuyambitsa magazini ya Cahiers du cinéma mu 1951, anayankha m'chaka chomwecho mu nkhani yake ya Théâtre et cinéma. Iye anavomereza kuti pa nsanja wosewera ndi owonerera amapuma mpweya umodzi, moti chifuwa cha munthu wakhala kumbuyo chingathe kumusokoneza wosewerayo, koma anakana zoti chithunzi n'chopanda kanthu, pakuti kuwala kumene kunagunda nkhope yeniyeni ndi kumene kumasiya chizindikiro pa filimu, monga phazi lisiyira chidindo m'dothi lonyowa.

Umboni wake waukulu unali Les Parents terribles, sewero la Jean Cocteau la mu 1938 limene mwiniwakeyo analisandutsa filimu mu 1948. Cocteau sanatulutse nkhaniyo kupita nayo kumisewu ya Paris, koma anaitsekera m'nyumba ziwiri, mawu ake osasintha kwenikweni, ndipo pamene Michel (Jean Marais) akuulula kwa amayi ake kuti wapeza mkazi womukonda, kamera imayandikira mpaka kungotsala pakamwa pa mwana pomwetulira ndi maso a mayiyo (Yvonne de Bray), amene nsanje ikuwadya. Palibe mpando wa m'bwalo la zisudzo, ngakhale wodula chotani, umene ungamuonetse munthu zimenezi.

Komabe yankho la Bazin silifika pamapeto, chifukwa kupezeka kumeneku n'kwa mbali imodzi: owonerera amaona maso a mayiyo, koma masowo saona aliyense. Pa nsanja, mayi wa m'seweroli amamwa poizoni n'kufa, kenaka wosewerayo amadzuka kukalandira m'manja, mawa lake n'kufanso mosiyanako pang'ono. De Bray anamwalira mu 1954, ndipo kuyambira pamenepo imfa yake yongoyerekezera imabwerezedwa mofanana ndendende nthawi iliyonse filimuyo ikaonetsedwa, popanda wodzuka kudzagwadira anthu.