Kodi Mlandu wa Mwazi Uli pa Opha Okha?

Ife a ku Neno tili ndi chilonda chimene sitiyenera kuchiphimba ndi nsanza. Mu January 2016, m'mudzi mwa Chimbalanga kwa Mfumu Dambe, mphenzi inapha mtsikana wa zaka 17. Pamenepo khamu la anthu linaukira okalamba anayi a banja lomwelo, wamng'ono wa zaka 69, wamkulu wa zaka 86, niliwapha, ati ndiwo anatumiza mphenziyo. Ophedwawo sanali alendo ayi. Anakalambira pamaso pa anthu omwe anawapha.

Tsono tifunse: pamaso pa Mulungu, mlandu wa mwazi umenewo uli pa yani? Ambiri adzati uli pa iwo amene anatukula manja. Nzoona, ndipo Lamulo lachisanu liwatsutsa. Koma khamu silidzuka lokha. Tsiku loopsa lisanafike, pakhala wina amene ananong'ona kumtondo kuti gogo uje ali ndi maso ofiira, wina amene analetsa ana kudya nsima ya kwa gogoyo, wina amene anamva zonsezi nangoseka. Imfa ikagwa pamudzi, dzina la munthu wakupha lili kale m'kamwa mwa onse. Chifukwa chake nditi wonamizira mnzake ufiti alakwira Lamulo lachisanu ndi chitatu, nasula yekha chibonga chimene wina adzamenyera. Ngakhale Boma liona chomwecho: lamulo la 1911 la za ufiti lilanga munthu wotchula mnzake mfiti.

Onani ndithu amene alozedwa chala. Sindiye mwini golosale, kapena mnyamata wa mphamvu. Ndiye nkhalamba yosowa mano, mayi wamasiye, munthu wopanda womuyankhulira. Mantha athu asankha wofooka, monga fisi asankha mbuzi yopunduka. Kunena za mphenzi, igwa m'dzinja pa mitengo yaitali ndi pa zitunda, ndipo zitunda ku Neno kuno sizisowa. Siifunsa dzina la munthu, ndiponso siitumidwa.

Wina adzati: "Ine ndinangoima chapatali, ndikadalowerera akadandipha." Mantha otere ndiwamva, ndipo sindiweruza munthu amene sanathe kuimitsa khamu lolusa. Koma nthawi ya kulimba mtima inali kale, pamene nkhani inali manong'onong'o chabe, ndipo mawu amodzi a munthu waulemu akadaizimitsa. Apo ndipo ambiri a ife tichimwa, ndi tchimo la kusachita chimene tiyenera.

Ansembe a Montfort anafika ku Neno mu 1906. Tabatizidwa mibadwo inayi, koma maliro akagwa tiyamba taombeza ula mumtima tisanagwire korona.

Inu aphunzitsi a mpingo, ntchito yanu siithera pa katekisimu wa Lamulungu. Mukamva kuti nkhalamba yakutiyakuti yayamba kutchulidwa, pitani kwawo masana, anthu akuona, mukhale pa mphasa yake ndi kudya chimene akupatsani. Uzani nyakwawa ndi apolisi msanga, maliro asanagwe. Ndipo pamene choipa chachitika kale, kumbukirani otsala, amene akumana ndi adani awo tsiku lililonse pa chitsime ndi pa chigayo. A limana akawalimire munda, akawafolerere nyumba, awaperekeze ku bwalo la milandu, ndipo pa Misa akhale nawo benchi limodzi.