Walira mvula walira matope

Mwezi wa Novembala ku Chikwawa, dzuwa likuswa mtengo, mlimi amangoyang'ana kumwamba kudikira mtambo. Mvula ija ikagwa, njira ya kumunda imaterera, ngolo imatitimira, ndipo denga limayamba kudontha pamphasa pomwe pagona mwana. Mpake makolo adati walira mvula walira matope. Ankatanthauza kuti chabwino chimene munthu akupempha chimabwera ndi zovuta zake, ndipo zovutazo zimalowera pomwe panali pofooka kale. Kabowo ka padenga kaja kadalipo chilimwe chonse, eni nyumba osakaona.

Anthu a ku Kapichira mwambiwu adauona ndi maso. Pamenepa, pafupi ndi nkhalango ya Majete, madzi a Shire amazunguza makina anayi opanga magetsi okwana pafupifupi mamegawati 130. M'zaka za 2016 ndi 2017 madzi atatsika m'nyanja ya Malawi, magetsi ankangothimathima, dziko lonse likulira mvula. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adabwera nayo yosefukira, madzi adagumula mbali ina ya damu, ndipo makina onse adakhala chete koposa chaka. Ngakhale m'chaka cha mvula yabwino, a kampani yopanga magetsi ya EGENCO amalimbana ndi mchenga ndi matope odzaza m'damu, chifukwa mapiri a kumtunda tidawameta ndi nkhwangwa pofuna makala. Mvula imangokokolola dothi lomwe ife tidalisiya pamtetete.

Magetsi omwewo ndi amene amayendetsa makompyuta m'maofesi, ndipo kumeneko mvula yomwe anthu amalira ndi liwiro. Maofesi ambiri amasunga mafayilo pa kompyuta imodzi yaikulu, seva, ndipo makompyuta ena amatapa kumeneko kudzera pa netiweki. Njira yotchuka yochitira zimenezi ndi NFS, yomwe kampani ya Sun Microsystems idakonza mu 1984. Mwachikhalidwe chake, seva imayamba yalemba pa disiki isanayankhe kuti yasunga. Kudikira kumeneko kumatopetsa, ndiye katswiri akhoza kuyatsa async, kuti seva iziyankha msanga zinthu zisanafike pa disiki. Ntchito imathamangadi, aliyense nkuyamika. Koma ngati ofesiyo idali kale ndi batire lakufa lomwe limayenera kuthandiza seva magetsi akathima, magetsi akangothima zomwe seva idati yasunga zapita.

Palinso njira ina yofulumizitsira ntchito, yolola kompyuta iliyonse kusunga kope lake la fayilo kwa nthawi yotalikirapo osafunsa seva. Taganizani makalaliki awiri akulemba m'fayilo imodzi ya malipiro, pulogalamu yawo ilibe loko woletsa wina kulemba mnzake asanamalize. Kale vutoli linkaoneka mwa apo ndi apo, anthu nkumati ndi tsoka chabe. Nthawi yosunga kope ija ikatalikitsidwa, wina amafufuta ntchito ya mnzake pafupipafupi, mpaka mlonda kupeza kuti dzina lake palibe pa malipiro a mwezi. Loko uja adasowa kuyambira tsiku loyamba, liwiro langokulitsa bala.

Nanga wanzeru amatani? Poyamba amabweza makina mmene adalili, kuti ntchito za anthu zileke kuonongeka. Kenako salola kuti mlandu wonse ugwere liwiro, chifukwa akangolizimitsa nkukhala pansi, kabowo kadakalipo ndipo kadzadonthanso. Amafufuza mpaka atapeza pomwe padayambira, amakonza loko, amasintha batire, amasunga kope lina la mafayilo kwina. Akatero amayesa liwiro lija pa makina oyeserera, nkuzula dala nthambo ya magetsi kuti aone chomwe chitsale. Likapambana mayeso amenewo, ndiye alibweretse kwa anthu.

Mwambiwu suletsa munthu kufuna zabwino. Mlimi sasiya kupempha mvula poopa matope. Amafolera nyumba mu Okutobala, nkulambula ngalande mitambo isanade. Chimodzimodzi inu amene mwapatsidwa udindo wosamala makina a ofesi, sukulu kapena chipatala, m'mafayilo amenewo muli malipiro, malikisi a ana ndi mbiri ya odwala. Abwana akakuuzani kuti makina afulumire, musaope kuwauza kuti muyambe mwatseka mabowo omwe mukuwadziwa kale. Kwerani padenga dzuwa likadali.