Kodi Kukhala Chete N'kuyera Mtima?

Amai anzanga m'Chigwirizano, pali funso limene landisowetsa tulo, ndipo ndalibweretsa pano kuti tilisenze pamodzi. Mwana akayamba kusintha thupi, ambiri a ife timatseka pakamwa, ndi kudziuza mumtima kuti umenewo ndiwo ulemu wa Chikhristu. Kodi ndi ulemudi, kapena ndi manyazi chabe amene tawaveka bulauzi yoyera?

Ndinayamba kuganizira zimenezi nditaitanidwa monga mlangizi kunyumba ina m'komboni. Mtsikana wa zaka 11 anabisa magazi kwa masiku atatu. Anang'amba malaya akale, nsanzazo nazikwirira kuseri kwa chimbudzi, ndipo usiku anali kulira yekha poganiza kuti walodzedwa, adzafa. Amai ake ndi Mkhristu wokhulupirika, wosaphonya mapemphero. Nditawafunsa chifukwa chake sanamuuze kanthu, anati, "Amai mlangizi, ndingakambe bwanji zotere ndi mwana wobala ndekha? Ndinali kuyembekeza ambuya ake kuti abwere kuchokera ku Petauke pa Khrisimasi." Koma thupi la mwanayo silinayembekeze Khrisimasi.

Sindikuwaweruza amaiwo, pakuti anatsata zimene tonse tinaleredwa nazo. Ndipo makolo athu sanali opusa. Anaona kuti pakati pa kholo ndi mwana payenera kukhala kuopana, motero nkhani za thupi anazipereka kwa ambuya, kwa azakhali ndi kwa anamkungwi, amene mwana akhoza kuseka nawo ndi kuwafunsa mosaopa. Uthenga Wabwino utafika ku Magwero mu 1899, mpingo sunanene kuti anamwali asalangizidwe. M'kupita kwa nthawi unaika chilangizo m'malo mwa chinamwali, ndi alangizi m'malo mwa anamkungwi. Tsono mwambo ndi mpingo zimavomerezana kuti mwana ayenera kuuzidwa. Chimene tiyenera kufunsana n'chakuti auzidwe liti, ndi yani, ndipo auzidwe chiyani.

Dongosolo lakale linatsamira pa mudzi, pamene nyumba ya ambuya inali kuseri kwa nkhokwe. Lero mwana ali ku Lusaka kapena ku Kitwe, ambuya ali kumudzi, ndipo mlangizi amaitanidwa zinthu zitachitika kale. Wotsala pafupi ndi mwana ndi mnzake wa kusukulu ndi foni.

Tiyeni tione chimene tikuchitira manyazicho. Mtsikana amayamba kutha msinkhu kawirikawiri pakati pa zaka 8 ndi 13, mnyamata pakati pa zaka 9 ndi 14. Chimayambitsa zonse ndi kachiwalo kakang'ono ngati nsawawa, kokhala kunsi kwa ubongo, kamene kamatumiza uthenga kudzera m'magazi kupita ku ziwalo zoberekera. Mwana wamkazi amabadwa ali kale ndi mazira ake onse, oposa miliyoni imodzi, osungidwa m'timatumba tiwiri kumbali zonse ziwiri za chiberekero. Pa moyo wake wonse, amene adzakhwima ndi kutuluka ndi 400 kapena 500 okha. Mwezi uliwonse chiberekero chimayala mkati mwake, monga mai ayalira mlendo mphasa. Dzira likapanda kukumana ndi mbewu ya mwamuna, choyalacho chimachoka pamodzi ndi magazi, ndipo umenewo ndiwo msambo. Si bala, si matenda, si ufiti. Magazi ake ndi masipuni owerengeka chabe, ngakhale amaoneka ochuluka. Kwa mkazi wamkulu msambo umabwera pakapita masiku 21 mpaka 35, koma kwa namwali zaka zoyamba umatha kudumphadumpha, ndipo zimenezo siziyenera kumuopsa.

Ndikamafotokoza zimenezi ndimadzifunsa kuti, tchimo lili pati apa? Genesis 1 atiuza kuti Mulungu atalenga mwamuna ndi mkazi anakondwera ndi ntchito yake yonse, ndipo chiberekero chinali m'gulu la ntchitoyo. Manyazi analowa pa mutu 3, munthu atachimwa. Zovala zimene Mulungu anawasokera n'zabwino, ndipo ifenso tiziphunzitsa ana kuvala modzilemekeza. Koma kuphimba thupi pamaso pa anthu ndi kwina, kulibisa kwa mwini wake ndi kwinanso. Ulemu umaphunzitsa mwana kuti thupi lake n'lamtengo wapatali. Manyazi amamphunzitsa kuti n'lonyansa, ndipo mwana amene akhulupirira kuti thupi lake n'lonyansa sadzauza munthu tsiku limene wina adzaligwira molakwika.

Ena adzanditsegulira Levitiko 15. Tiuwerenge wonse mutuwo, chifukwa umakamba za zotuluka m'thupi la mwamuna usanafike pa za mkazi, koma ife timakumbukira theka limodzi lokha. Malamulowo anali a kuyandikira chihema m'Israyeli, sanali kunena kuti mkazi wosamba wachimwa. Ndipo pa Marko 5, mkazi amene anataya magazi zaka 12 atakhudza chovala cha Yesu, Ambuye sanapatuke kukasamba. Anaima, namfunafuna m'khamulo, namutcha mwana wake pamaso pa onse. N'zodabwitsa kuti ife amene timalalikira nkhaniyi timauzabe namwali kuti akathira mchere m'ndiwo atate ake adzadwala mdulo. Mchere sudziwa amene wauthira. Ngati tifuna kuti mwana apumule kukhitchini masiku amenewo chifukwa m'mimba mukupweteka, timuuze choncho, osati kumuopseza ndi imfa ya atate ake.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi ichi, ndipo sindichipeputsa: kumuuza mwana ndi kumuutsa. Amai ambiri amaopa kuti akadziwa adzafuna kuyesa. Koma taonani chinthu chimodzi chimene ambiri sitinauzidwe: dzira loyamba likhoza kutuluka msambo woyamba usanaoneke. Kutanthauza kuti mtsikana akhoza kutenga pathupi asanaone magazi ngakhale kamodzi, pamene ife tikali kunena kuti sanakule, tisamuuze. Mbewu ya mwamuna imatha kukhala yamoyo m'thupi la mkazi mpaka masiku 5, motero ziwerengero za masiku zimene atsikana amanong'onezana kusukulu zagwetsa ambiri. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lathu wa 2018 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabala kale kapena anali ndi pathupi. Ambiri a iwo anakulira m'nyumba zokhala chete ngati zathu. Kuchokera mu 1997 boma linalola kuti mtsikana wobala abwerere kusukulu, ndipo tiyamika, koma alipo amene sabwerera, ndipo ena thupi lawo losakhwima limavulala pobereka.

M'mene ndionera ine, mantha athu ali ndi chifukwa, koma tawaika pamalo olakwika. Pali maphunziro awiri amene tawasakaniza. Kwina ndi kudziwa thupi: chimene chikubwera, mmene angadzisamalire, amene saloledwa kumkhudza, ndi kumene angathawire. Kwina ndi malangizo a m'banja, a mkazi ndi mwamuna wake. Cholakwika cha chinamwali m'madera ambiri chinali kupereka zachiwirizo kwa mwana wa zaka 12, ndi kumuuza kuti tsopano wakula. Kumeneko ndiko kumuutsa. Lamulo la ukwati limene linasinthidwa mu 2023 likuti munthu wosakwana zaka 18 sangakwatiwe, ngakhale mwamwambo, tsono malangizo a m'banja ayembekeze nthawi yake. Koma zoyambazo n'za mwana wa zaka 9, ndipo kum'mana ndi kumtuma kumtsinje usiku popanda nyali. Ife, pothawa cholakwika chakale, tataya zonse ziwiri.

Nanga akambe ndani? Paulo pa Tito 2 anapereka ntchito yophunzitsa akazi aang'ono kwa akazi aakulu, ndipo alangizi tiyenera kuyamba kukumana ndi ana asanakule, osati kudikira kuitanidwa. Koma mai yekha ndiye amachapa zovala za mwana, ndiye amaona mawere akuyamba kutuluka, ndipo kuchokera pamenepo nthawi zambiri pamapita zaka ziwiri kapena kuposerapo pang'ono msambo usanafike. Zaka ziwiri n'zokwanira kupeza mau. Ngati pakamwa pakulemera, mai aitane mlangizi, koma akhale pomwepo, kuti mwana adziwe kuti m'nyumba muno nkhaniyi si yoletsedwa.

Anyamata ndiwo tawaiwaliratu. Mau akayamba kukula, ndevu zikumera, ndipo usiku wina adzuka atanyowa, palibe amene anamuuza kuti thupi layamba kupanga mbewu, ndipo kutuluka kwake m'tulo si tchimo kapena chiwanda. Amene amamuuza ndi anzake, ndipo iwo amati akapanda kugona ndi mtsikana adzadwala msana. Limenelo ndi bodza, palibe mnyamata amene anadwala chifukwa chodziletsa. Tiwakumbutse azibambo athu ndi akulu a mpingo kuti mimba iliyonse ya mtsikana wa giredi 8 ili ndi mwini wake, ndipo nthawi zina mwini wakeyo ndi mwana wa mmodzi wa ife.

Mtsikana uja, titatha kukamba, anandifunsa funso limodzi lokha, maso ali pansi: "Ambuya, kodi ndingalowe m'tchalitchi Sabata likudzali?" Ndinayang'ana amai ake kuti ayankhe okha. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Udzalowa, ndipo udzakhala pafupi ndi ine."